Mapepala atatu, masiku awiri ndi update yomwe ndinkaizemba

Kwa miyezi yambiri foni yanga inkatulutsa kauthenga pamwamba pa sikirini koti pali update, kutanthauza zokonzedwa zatsopano zoti zilowe m'foni. Ine ndinkangokaingitsa ndi chala ngati ntchentche yatera pa usipa. Ntchito yanga ndi yogulitsa nsomba zouma pano pa boma la Mangochi, ndiye foni kwa ine ndi yoimbira asodzi a ku Makawa ndi ku Malembo, yolandirira ndalama, ndi ya WhatsApp basi. Ndi Tecno ya zaka zitatu, galasi linang'aluka pakona, koma munthu akaimba imalira. Ndiye bandulo yanga ithere chinthu chosaoneka ndi maso? Ndinkakana.

Lachitatu lina mu October kunabwera mwana wa mlongo wanga kuchokera ku Namwera, envulopu ya khaki ili m'manja. Anamva za ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la ku Blantyre. Kumeneko ankafuna kalata yofunsira ntchito, satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, zonse zifike pa imelo lisanathe Lachisanu. Foni yake ndi ya mabatani.

"Amalume, yanuyi ndi yamakono. Mungojambula n'kutumiza, si nkhani yaitali."

Nanenso ndinkaona choncho.

Kujambula komweko kunayamba kutitopetsa. Tinayala satifiketi patebulo m'nyumba, muli kamdima, foni n'kuwalitsa flash. Satifiketi ija anaimata pulasitiki, ndiye pakati penipeni pomwe pali magiredi panangotuluka chigamba choyera mbee. Tinatuluka padzuwa, chithunzithunzi cha dzanja langa n'kugwera padzina. Zinatheka titakhala pakhonde, pamthunzi koma powala bwino, mapepala atagona pamkeka, kalata ija titaitsindira ndi timiyala m'makona kuti mphepo isainyamule, ine nditaima pamwamba pake foni itayang'ana pansi ndendende. Musanajambule pukutani kaye kagalasi ka kamera. Kanga kanali ndi mafuta a nsomba a sabata yonse.

Ndinati tiyese kaye kutumizira mwana wanga wa ku Lilongwe, aone ngati zikuwerengeka. Ndinatsegula pomwe ndimalembera mauthenga wamba n'kuika chithunzi. Nditangotero, pamene pamalembedwa SMS panasintha, panabwera MMS. Ndinadina. Kanazungulira, kanazungulira, kenako chizindikiro chofiira: sunapite. Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi.

Pa WhatsApp chinapita nthawi yomweyo. Patangopita mphindi zochepa mwana uja anaimba. "Adadi, dzina likuoneka, koma ndikakulitsa, timanambala ta m'munsito tikungokhala ngati nyerere zopondedwa. Komanso anthuwo anena imelo, si WhatsApp."

Chabwino, imelo. Ndinasaka Gmail, yomwe chigulireni foni ndinali ndisanaitsegulepo. Inatseguka mochedwa, inaima, kenako inadzitsekera yokha. Pamwamba panali mawu akuti Storage space running out. M'mawa mwake, Lachinayi, m'pomwe ndinavala nsapato n'kukwera kabaza kupita kwa mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika.

Anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. "Madala, foni iyi mwaidyetsa mavidiyo a maukwati mpaka pakhosi. Ilibe pomezera malovu."

Iye ndi amene anandimasulira kusiyana kwa njira zitatuzi, ndipo ndizinena mmene ndinazimvera. MMS ndi njira yakale yotumizira chithunzi pa nambala ya foni, yochokera nthawi yomwe WhatsApp kunalibe. Imadutsa mwa kampani ya netiweki, imafuna data ikhale yoyatsa, komanso imafuna kuti m'foni mukhale zoikamo zake zapadera pamalo otchedwa APN. Zikasowa zimenezo, uthenga umangokhala pakhomo. Ngakhale upite, khomo lake ndi laling'ono: makampani ambiri amalola pakati pa 300KB ndi 1MB, pomwe chithunzi cha kamera ya foni chimatha kukhala 3MB kapena kuposa. Ndiye foni imachifinya kuti chikwane, ndipo timalemba ting'onoting'ono ndi timene timayamba kufa. WhatsApp nayo imafinya, kungoti imafinya mwaulemu. Ukafuna kuti isakhudze chithunzi, umachitumiza ngati Document, kapena kudina pa HD kuti chisatsike kwambiri. Imelo ndiye imanyamula chinthu mmene chilili. Gmail imalola mpaka 25MB pa uthenga umodzi, ndipo zikapitirira apo imaziika pa Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti, n'kutumiza link.

Pambuyo pake mwana wanga anandiuza zomwe zinandiseketsa: iPhone yoyamba, ya mu 2007, inalibe MMS n'komwe. Eni ake, ndi ndalama zonse zomwe anawononga, ankatumiza zithunzi pa imelo. MMS inabwera pa mafoni a iPhone mu 2009 kudzera mu update ya iPhone OS 3.0. Ndiye kuti kauthenga kaja ndinkakaingitsa nthawi zina kamabwera ndi katundu weniweni.

Mnyamata uja anati tiyambe ndi kusesa. Pa WhatsApp analowa mu Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo pamaoneka zinthu zonse zoposa 5MB ndi zija zatumizidwa mobwerezabwereza. Ndinachita manyazi. Vidiyo imodzi ya mbuzi yothamangitsa wapolisi inalimo kanayi, yochokera m'magulu anayi. Maulaliki, nyimbo za kwaya, zithunzi za maluwa zolembedwa mafuno abwino a m'mawa, mazanamazana. Tinafufuta kwa ola lathunthu, ine ndikulondera kuti asakhudze zithunzi za maliro a mayi anga ndi malisiti a katundu. Zimenezo tinazisamutsira pa memori khadi.

Kenako anandifunsa pasiwedi ya akaunti ya Google. Ine kukamwa yasa. Akauntiyo anaitsegula ndi wondigulitsa foni, tsiku logula lomwelo, ine ndikuwerenga ndalama. Mwayi wake anaikapo nambala yangayi. Tinadina pa Forgot password, kunabwera manambala pa SMS, tinaika pasiwedi yatsopano, ndipo ulendo uno ndinailemba kuseri kwa kope la ngongole. Ngati foni anakutsegulirani ndi munthu wina, fufuzani lero kuti pa akauntiyo pali nambala ya ndani. Simu ija ikanakhala kuti inatayika, nkhani ikanakhala ina. Titalowa, anasunga macheza a WhatsApp pa Google Drive, kuopa kuti update ikavuta ndingataye mbiri ya amene ali nane ngongole. Google imapereka 15GB yaulere, yomwe Gmail, Drive ndi Photos zimagawana.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ma update alipo amitundu iwiri. Pali a mapulogalamu, monga Gmail ndi WhatsApp, omwe amachokera mu Play Store. Palinso a foni yeniyeniyo, a Android, omwe amapezeka mu Settings, nthawi zambiri pansi pa System, ngakhale dzina limasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. Oyambawo ali ngati kusintha ukonde, achiwiriwo ngati kukhoma bwato lonse.

Tinayamba ndi Play Store. Umadina kachithunzi ka akaunti yako pakona, kenako Manage apps and device, n'kuona omwe akudikira. Anga anali mndandanda wautali ngati wa pachigayo. Chala changa chinkapita kale pa Update all, mnyamata uja n'kuchigwira. "Madala, mukadina apo bandulo ithera masewera a adzukulu anu." Tinasankha Gmail, Drive ndi WhatsApp zokha. Anasinthanso kuti mapulogalamu azidzipanga okha update pokhapokha foni ili pa Wi-Fi. Gmail inatseguka bwinobwino.

Kunena zoona, apa tikanatha kutumiza mapepala aja n'kuiwala zina zonse. Cholakwa chinali changa. Ndinati poti tayamba, timalizire ndi yaikuluyo, ndipo mwana wa mlongo wanga anangondiyang'ana osanena kanthu. Nzeru inali kutumiza kaye, update yaikulu n'kupanga Loweruka. Update ya Android sichita kuseweretsa uli ndi tsiku lomaliza pamphuno.

Inali yoposa 1GB. Wi-Fi kunyumba kwathu kulibe, ndiye ndinagula bandulo ya usiku, yotsikirapo mtengo. Foni inakana kuyamba chifukwa batire inali yochepa. Mafoni ambiri amatero, safuna kuthima ntchito ili pakati, ndipo ndi bwino batire ikhale yopitirira theka kapena foni ikhale pa tchaja. Ndinalumikiza. Sipanathe theka la ola, magetsi phi! Ndinathamangira kwa wometa tsitsi wa pafupi nafe amene ali ndi sola, ndinamupeza akutseka, ndinamunyengerera, foni inagona kumeneko mpaka cha m'ma 10 koloko usiku.

Pakati pa usiku ndinayamba kukopera. Amene amadziwa October wa ku Mangochi akudziwa kuti ngakhale usiku khoma limatentha. Foni nayo inayamba kutentha ngati mbale ya phala. Ndinaichotsa chikwama chake cha labala n'kuigoneka pansi pasimenti, pafupi ndi zenera pomwe netiweki imakoka bwino, ine nditakhala pampando ndikuomba udzudzu. Kamzere koonetsa mmene kukopera kukuyendera kanayenda mpaka 60 peresenti, kanaima. Ndinayang'ana kwa nthawi ndithu. Kanayambanso kokha, kupitiriza pomwe kanalekezera.

Itamaliza inafunsa ngati iyambirenso. Ndinavomera. Sikirini inada, kunabwera dzina la Tecno, kenako kamzere kena. Gawo ili ndi lomwe limayesa mtima. Foni imakhala ngati yafa, dzina lili pomwepo osasuntha, ndipo chala chimayabwa kuti udine batani lozimitsira. Musadine. Mnyamata uja anali atandichenjeza kuti mafoni ambiri omwe amamubweretsera atakanika kuyaka amakhala oti mwini wake anatopa kudikira. Ndinaika manja m'khwapa. Inayaka tambala woyamba atalira kale, ndipo poyamba inkayenda mwaulesi ikukonza mapulogalamu ake. Mu About phone, pa Android security patch, tsiku linasintha, linasendera pafupi. Zigamba zimenezo ndi zotseka mabowo omwe akuba a pa intaneti amalowera, ndipo m'foni momwemo ndi momwe ndimasunga ndalama za nsomba.

Pali china choti ndinene apa. Update yeniyeni imachokera mu Settings kapena mu Play Store basi. Uthenga wa SMS kapena wa WhatsApp wokuuzani kuti dinani apa foni yanu ikonzedwe, kapena munthu woimba n'kufunsa PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba kuti akupangireni update, ameneyo ndi wakuba. Komanso foni ikakalamba ma update amasiya kubwera, mapulogalamu n'kuyamba kuithawa. WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yochepera 5.0 mu October 2023, ndipo ena anangodzuka n'kupeza yawo siikutseguka.

Lachisanu m'mawa, maso ali psuu, tinakhala pakhonde paja. Mwana wa mlongo wanga anakana kutumiza ndi adiresi yanga, yomwe wogulitsa foni uja anailemba ndi dzina langa lachibwana komanso manambala osadziwika. Ananena zoona. Tinatsegula yake pa foni yomweyi: mu Gmail, pa kachithunzi ka pakona, Add another account, dzina lake lenileni ndi la bambo ake. Pasiwedi anaika yekha ine nditatembenuka.

Zithunzi za Lachitatu zija tinazisiya. Mu Google Drive muli podina polembedwa Scan: umajambula pepala, iyo n'kudula m'mbali, kuliwongola, n'kulisandutsa PDF. Mkeka ndi timiyala sizinaonekenso. Chiphaso cha unzika tinajambula mbali zonse ziwiri m'fayilo imodzi. Fayilo iliyonse tinaipatsa dzina lomveka, dzina la mwanayo ndi mawu oti MSCE, ina ID, ina kalata, m'malo mwa mndandanda wa manambala womwe foni imapereka yokha. Wolandira kumeneko ali ndi makalata ambiri, asavutike kuganiza kuti ichi n'chiyani.

Kenako Compose. Adiresi ya bungwe ija anaiwerenga chilembo chimodzichimodzi, ine ndikutsatira ndi chala papepala, chifukwa kadontho kamodzi kakasowa kalata imabwerera kapena imakagwera kwa munthu wina. Pa Subject analemba dzina la ntchitoyo monga analilembera pa chidziwitso. M'munsi mizere itatu yaulemu. Kachizindikiro konga kawaya kopanira mapepala ndi komwe kamaika mafayilo. Tinayamba tatumizira mwana wanga wa ku Lilongwe. Anayankha kuti ngakhale chidindo chikuwerengeka.

Yeniyeniyo tinaitumiza itangokwana 11 koloko. Sindinakhulupirire mawu oti yapita omwe anangowala pang'ono n'kuzimiririka. Ndinatsegula Outbox, munalibe kanthu. Ndinatsegula Sent, inali momwemo, mafayilo atatu ali pansi pake. Netiweki ikavuta kalata imatha kugona mu Outbox iwe ukuyesa inafika kalekale.

Mwanayo anakwera minibasi ya ku Namwera masana omwewo, envulopu yake ili m'manja. Akaunti yake inatsala m'foni mwanga, ndiye tsiku lililonse cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndikuyala usipa pabenchi, foni imalira.

"Mwadzuka bwanji amalume? Tatsegulani muone, ayankha?"