Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Fungo la dizilo m'galimoto ya amalume

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene akubanja anagwirizana kuti Hilux ya malemu amalume ikhale m'manja mwanga. Munali mu 2013, chaka chomwe kwacha yathu anaichotsa maziro atatu, anthu pamsika wa Kapata ku Chipata akusokonezabe mitengo, wina kutchula yakale wina yatsopano. Galimotoyo inali ya injini ya mtundu wa 2L, ya dizilo, masilinda anayi, ndipo misewu ya ku Chadiza ndi ku Vubwi inkaidziwa kuposa ine.

Ndinapitiriza ntchito yomwe amalume ankagwira, yokatenga nshawa ndi chimanga kumidzi kubwera nazo m'tauni. Miyezi iwiri yoyamba zonse zinali bwino. Kenako panabwera fungo. Poyamba linkamveka ndikaima, pambuyo pake linayamba kulowa mkati ngakhale ndikuyenda. Mayi a kunyumba anali oyembekezera mwana wathu woyamba nthawi imeneyo, ndipo tsiku lina tikupita kusikelo anandiimitsa kawiri panjira, mtima ukuwachita nseru. Sanadandaule, anangoti ulendo wina adzakwera njinga ya hayala. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, chifukwa galimoto ndinali nayo koma mkazi wanga yemwe sakanatha kukweramo.

Nditatsegula boneti ndinapeza pamwamba pa injini pali nonono, dizilo atasakanikirana ndi fumbi lofiira n'kukhala ngati phala, makamaka pozungulira mainjekita awiri apakati, tizitsulo tija tofayira dizilo m'masilinda. M'mawa galimoto inkavutanso kulira, mpaka batire kufooka. Ndinatenga sipanala 17 n'kumanga nati iliyonse yomwe ndinaiona, ndi mphamvu zanga zonse. Kudontha kunaleka masiku atatu. Tsiku lachinayi, ndikuchokera ku Katete pa Great East Road, kunabwerera mowirikiza, dizilo akuchita kuyenderera m'mbali mwa injini.

Panali makaniko wina wachikulire yemwe amalume ankamukhulupirira, wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Atandiona anayamba wandipepesa maliro, tinakhala pansi kaye, ndiye pambuyo pake tinapita pagalimoto.

"Wamanga ndani manatiwa?"

"Ndine, madala."

"Mwana wanga, dizilo satsekedwa ndi mphamvu. Tenga palafini utsuke ponsepa."

Ndinatsuka, ndinapukuta ndi sanza mpaka chitsulo kuwala. Iwo anatuma mdzukulu kukatapa ufa kukhitchini, ufa wansima womwewu, n'kuuwaza pang'onopang'ono pozungulira injekita iliyonse. Ndinaliza injini. Sipanathe mphindi, ufa unayamba kuda pamalo awiri: pansi pa nati ya kapaipi kobweza mafuta pa injekita yachiwiri, ndi pakamwa pa paipi yaikulu ya injekita yachitatu. Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze pomwe pankanyowapo, iwo n'kundigwira pamkono mwamphamvu. Anati dizilo wa m'paipi imeneyo amathamanga ndi mphamvu yoposa 100 bar, ndipo akatulukira pa kamng'alu amatha kuboola khungu n'kulowa m'mnofu, kabala kake kosaoneka koma chala chimatha kuwola. Ukafuna kufufuza uike kachidutswa ka katoni, osati dzanja. Mpaka lero ndikaona mnyamata akupapasa mapaipi injini ikulira, ndimafuula ndisanamupatse n'komwe moni.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti pa injekita imodzi pali malo atatu omwe angadonthe, ndipo lililonse lili ndi khalidwe lake. Paipi yochokera ku pampu ilibe wosha. Nsonga yake ndi yosongoka ngati chipewa cha nyumba yaudzu, imakhala chitsulo pa chitsulo chinzake, ndiye ukaimanga mopitirira muyeso nsongayo imaphwanyika ndipo sidzakhalanso bwino. Ndi zomwe ndinachita pa yachitatu ija. Kapaipi kobweza mafuta otsala kutanki kalibe mphamvu yambiri, kamadalira timawosha tofewa tomwe timaphwatalala ukamanga, n'kutseka mpata. Timawoshato tikagwira ntchito kamodzi timauma. Athu aja anali ataphwatalala ngati ndalama yachitsulo yopondedwa ndi lole, zikuoneka kuti wina anamasulapo kangapo n'kubwezera omwewo. Pomwepo ndi pomwe mpweya unkalowera usiku, mafuta n'kubwerera m'mbuyo, m'mawa galimoto n'kumakana kulira. Malo achitatu ndi pansi penipeni, pomwe injekita imakhalira m'mutu wa injini. Apo pakatayira umamva kuti tsu tsu tsu, ndipo pamatuluka zakuda ngati phula. Pa injini yathu pamenepo panali pouma, ndipo madala anati tisapagwire.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Down Shops kukafuna mawosha atsopano, n'kuwapeza pa ndalama yosakwana ya nsima ya masana. Paipi ndi yomwe inavuta. Ndinaipeza madzulo kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, yochotsa pa injini ina ya 2L. Madala anayang'ana nsonga yake padzuwa kwa nthawi yaitali asanavomere.

Pomanga sanalole kuti ndigwire sipanala msanga. Nati iliyonse inayamba kulowa ndi zala mpaka itakhala yokha, kusonyeza kuti mano agwirana bwino. Ndiye masipanala awiri, imodzi yogwira injekita kuti isatembenuke, inayo yomangira. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kukoka nane limodzi, kenako anati, "Basi, pomwepo. Wamva mmene yakanira?" Ndinamvadi. Anandionetsanso kuti kachitsulo kogwira mapaipi anayi aja pamodzi kanali katasowa, ndipo popanda iko mapaipi amanjenjemera pamsewu wa mabampu mpaka kung'aluka. Anafufuza m'chitini chawo cha mabawuti akale n'kupezamo kena.

Tinapopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimba, tinamasula pang'ono manati a pa mainjekita, ndinapukusa injini mpaka thovu latha dizilo akutuluka yekhayekha, ndiye tinamanganso. Inalira. Anawazanso ufa, tinakhala pa benchi tikumwa thobwa injini ikungolira, iwo akundisimbira za ulendo womwe anayenda ndi amalume ku Lundazi mvula ikugwa. Titabwerera patapita theka la ola, ufa unali mbee.

Nditafunsa za malipiro anati ndidzawabweretsere chitini cha nshawa ndikadzapita kumudzi. Ndinawapititsira thumba lathunthu.

Mwezi wa Okutobala, usiku wa kutentha kuja, matenda a mayi a kunyumba anayamba cha m'ma 2 koloko. Ndinatembenuza kiyi kamodzi kokha. Anakhala kutsogolo, apongozi anga ali pambali pawo, mawindo otseka chifukwa cha fumbi, mpaka tinakafika kuchipatala. Za usiku umenewo, ndi dzina lomwe tinamupatsa mwanayo, ndidzakusimbirani m'gawo 10.