Timu yophunzitsa osewera n'kulandidwa

Masewero a baseball sindinakule nawo. Ine ndine munthu wa mpira wa miyendo, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndimaphunzitsa anyamata pa bwalo la fumbi kuno ku Area 25 mu Lilongwe. Amene anandilowetsa m'masewero achilendowa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe anapita kukaphunzira pa koleji ina ya kumpoto kwa dziko la America, ndipo atakhazikika anapeza kaganyu kothandiza timu ya baseball ya pasukulupo. Iyeyo sasewera. Ntchito yake ndi kunyamula ndowa za mipira, kuchapa yunifolomu, ndiponso kukhala kuseri kwa ukonde ndi kachipangizo koyezera liwiro la mpira n'kumalemba manambala m'kabuku. Popeza nthawi ya kumeneko imatsalira m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7, masewero awo a madzulo amandipeza pakati pa usiku, nditagwira foni pakhonde kuti ndisadzutse ana, ndikuonera chithunzi cha kamera imodzi yokha yoikidwa pamwamba pa bwalo lopanda anthu ambiri.

Timuyo imagonja kawirikawiri, ndipo yakhala ikutero kwa zaka zingapo. Ochemerera ochepa amene atsala amanena zomwe timanena kunonso timu yathu ikamachita mphwayi pa ligi: achotsedwe kochi, abwere osewera atsopano. Poyamba nanenso ndinkaganiza choncho. Koma pamene mphwanga ankandifotokozera mmene zinthu zimayendera mkati mwa timuyo, ndinayamba kuona kuti kusaka osewera abwino ndi mpikisano umene koleji yotereyi imalowa itagonja kale, ndipo chuma chokha chimene ili nacho m'manja ndi luso lophunzitsa amene abwerawo.

Vuto loyamba ndi nyengo. Masewero a makoleji a gawo lapamwamba la bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, amayamba pakati pa mwezi wa Febuluwale, ndipo timu iliyonse imaloledwa kusewera masewero okwana 56 zisanafike za chikho. Pa nthawi imeneyo mabwalo a kumpoto amakhala atakutidwa ndi chipale chofewa, kotero masabata oyambirira timu imakhalira pa basi ndi m'mahotela, kukasewera kum'mwera ndi anzawo amene akhala akukonzekera panja chaka chonse. Mnyamata waluso wa kusekondale amaziona zimenezi ndipo amasankha kofunda. Vuto lachiwiri ndi ndalama. Kwa zaka zoposa 30, malamulo ankalola timu ya baseball kupereka masikolashipu okwana 11.7 okha, amene makochi ankawaduladula kuti agawire anyamata oposa 20, wina theka, wina gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu Juni 2025 khoti litavomereza mgwirizano pa mlandu wa House, umene osewera a m'makoleji anasumira bungwe la NCAA, malire amenewa anachotsedwa kwa makoleji amene alowa m'dongosolo latsopanolo, ndipo m'malo mwake anaika malire a osewera 34 pa timu. Koleji yolemera tsopano ikhoza kulipirira onse 34, pamene koleji ya mphwanga inkalephera ngakhale kukwanitsa 11.7 aja. Ndiye pa 1 Ogasiti, tsiku limene makochi amaloledwa kuyamba kuimbira foni anyamata amene atsala ndi zaka ziwiri kuti amalize sekondale, kochi wa timu yosaukayi amadziwa kuti aliyense amene dzina lake lamveka kale wapita.

Amene amatsala ndi anyamata ngati uja amene mphwanga anayamba kunditumizira mavidiyo ake zaka zitatu zapitazo. Anali wamtali, wowonda, wa manja aatali, ndipo mpira wake sunkafika mailosi 90 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 145, liwiro limene makoleji akuluakulu amayembekezera kwa woponya asanamuyang'ane kawiri. Woponya amaima pa kachulu, mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pamene pali womenya, ndipo pa mtunda waufupi chotero kalakwidwe kakang'ono ka phazi kamasintha kumene mpira ukupita. Mnyamatayo ankaponda phazi lakutsogolo mopingasa, thupi n'kutsekeka, mphamvu yonse n'kumachokera paphewa. M'vidiyo yoyamba imene ndinaona, kochi wa oponya anali atamata tepi yoyera pansi m'holo ya masewero, kuchokera pa phazi lakumbuyo kulunjika pa ukonde, ndipo anagwada pambali n'kumayang'ana phazi lokhalo, osayang'ana mpira. Mnyamatayo ankaponya, kochi n'kuloza tepi, mnyamatayo n'kubwereranso. Anachita zimenezi nyengo yonse yozizira, kuphatikiza kunyamula zitsulo ndi kudya mokwanira, ndipo mphwanga ankalemba liwiro la mpira uliwonse m'kabuku kaja. Chaka choyamba sipanaoneke kusintha kwenikweni, ndipo pa masewero ankangopatsa adani mabesi aulere, kutanthauza kuti ankaponya mophonya mpaka womenya n'kuloledwa kupita patsogolo osamenya mpira. Chaka chachiwiri phazi linayamba kugwera pa tepi lokha, liwiro linakwera, ndipo anaphunzira kaponyedwe kena konyenga womenya, kamene dzanja limathamanga ngati kale koma mpira umabwera mochedwa. Pofika kumapeto kwa chakacho ndiye anali woponya wa Lachisanu, tsiku limene timu iliyonse imaika woponya wake wodalirika koposa.

Ntchito imeneyi imafuna anthu komanso mtima. Mpaka mu Julaye 2023, timu ya baseball inkaloledwa kukhala ndi makochi atatu okha olipidwa, ndipo wachinayi ankagwira mongodzipereka, n'kumadalira timakobiri ta maphunziro apadera a ana pa tchuthi. Lamulo linasintha, koma kulola si kupereka ndalama, ndipo kochi wothandizira akangoonetsa kuti amatha, koleji ina imamuitana. Palinso mayesero amene amagwera kochi amene ntchito yake ili lendelende: kumusiya woponya wabwino pa kachulu kupitirira muyezo kuti apambane lero. Mtsempha wa m'chigongono ukaduka, mnyamata amafunika opaleshoni imene dokotala Frank Jobe anayamba kuchita mu 1974 pa wosewera Tommy John, ndipo amakhala chaka chathunthu kapena kuposerapo asanabwerere. Mphwanga anandiuza kuti tsiku lina timu yawo ikutsogola pang'ono, kochi anamuchotsa mnyamata uja atakwanitsa mipira imene anamuwerengera, ochemerera akukuwa, ndipo amene analowa m'malo mwake anataya masewerowo. Ine kochi ameneyo ndinayamba kumulemekeza usiku umenewo.

Kenako mnyamatayo anachoka. Kuyambira mu Okutobala 2018 pali kaundula wotchedwa transfer portal, mmene wosewera amalembetsa dzina lake kuti makoleji ena adziwe kuti akufuna kusamuka. Mu 2021 analola osewera a baseball kusamuka popanda kukhala chaka chathunthu osasewera monga zinkakhalira kale, ndipo chaka chomwecho analoledwanso kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Paul Skenes, amene anasewera zaka ziwiri ku koleji ya Air Force, n'kusamukira ku koleji yotchuka ya LSU, kumene anapambana chikho cha dziko lonse mu 2023 ndipo anasankhidwa woyamba ndi timu ya Pittsburgh Pirates pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a ligi yaikulu amasankhirapo osewera atsopano. Makoleji ang'onoang'ono asanduka nazale. Amafesa, amathirira m'mawa ndi madzulo, koma mbande zikakhwima amene amabwera kudzawokera m'munda mwake ndi wina.

Usiku umene mphwanga anandiimbira kundiuza nkhaniyi ndinakwiya ngati timuyo ndi yanga, chifukwa ululu umenewu ndimaudziwa. Ndinakhalapo ndi mnyamata kuyambira ali ndi zaka 11, ndinamugulira nsapato za kaunjika ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo atafika poti anthu n'kumaima pamsewu kumuonera, timu ina yokhala ndi basi yake inamutenga popanda ngakhale kudzandipatsa moni. Ndinamuuza mphwanga kuti mnyamata wawoyo ndi wosayamika. Iye anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Amalume, mukanakhala bambo ake mukanamuuza kuti akhale?" Ndinalibe choyankha. Draft imene kale inkakhala ndi maraundi 40 tsopano ili ndi 20 okha kuyambira mu 2021, ndipo wosewera wa pa koleji ya zaka zinayi amayenera kusankhidwa akamaliza chaka chachitatu kapena akakwanitsa zaka 21. Chaka chachitatucho ndi chimene chimagamula tsogolo lake, ndipo akufuna kuchisewera pamene osaka luso amadzaza mipando.

Chimene ndimakana ndi maganizo akuti popeza osewera amachoka, palibenso chifukwa chowaphunzitsira, ndi bwino kungotola ena m'kaundula muja chaka ndi chaka. Sindikunena kuti osamuka onse ndi achabe. Anyamata ochokera ku makoleji a zaka ziwiri amabwera atasewera kale masewero ambiri, amadziwa kuvutika, ndipo timu yosauka imapindula nawo. Koma wosewera amene watsika kuchokera ku koleji yotchuka amabwera ndi dzina la kumene wachokera, ndipo nthawi zina chimakhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chifukwa chimene sankaseweretsedwa kumeneko amabwera nacho, ndipo ngati palibe womuwongola chimakhalabe. Timu yosintha theka la anthu chaka chilichonse ilibenso wamkulu wouza wamng'ono mmene zinthu zimachitikira pano, ndipo wowakha mipira kumbuyo kwa womenya sadziwa chimene woponya wake amachita akapanikizika.

Makochi amene anadzutsa matimu osatchuka anapatsidwa nthawi. Pat Casey anayamba kuphunzitsa Oregon State mu 1995, kudera la mvula yambiri, ndipo anafika ku mzinda wa Omaha, kumene matimu 8 omaliza amakalimbirana chikho, mu 2005, koleji imeneyi itakhala osapitako kuyambira mu 1952. Anapambana chikhocho mu 2006 ndi mu 2007. Gary Gilmore anatenga Coastal Carolina mu 1996 ndipo anapambana mu 2016, pa ulendo wawo woyamba ku Omaha. Ndikudziwa kuti zonsezi zinachitika kaundula wa osamuka asanabwere, pamene mnyamata amene wamuphunzitsa ankakhala nawe zaka zitatu mosakayika. Komabe akuluakulu a sukulu amene amachotsa kochi pakatha zaka zitatu zilizonse amachititsa kuti anyamata amene kochiyo anawalonjeza achokenso, ndipo wobwerayo amayamba ndi bwalo lopanda kanthu.

Mnyamata uja atasankha koleji yake yatsopano, kochi wa oponya anapempha mphwanga kuti ajambule masamba onse a m'kabuku kaja, a zaka ziwiri, ndipo anawatumiza kwa kochi wa kumeneko pamodzi ndi uthenga wofotokoza masiku amene chigongono chinkamuwawa ndi chiwerengero cha mipira chimene sayenera kupitirira. Miyezi ingapo pambuyo pake kunabwera bambo wina ndi mwana wake kudzaona sukulu, ndipo funso lake loyamba linali lakuti kodi pano ndi pamene mnyamata uja anaphunzirira kuponya. Anamuonetsa holo ija ndi malo a tepi pansi. Mwanayo anasaina, ndipo sabata yathayi mphwanga wanditumizira vidiyo yake yoyamba. Ndi wamfupi, amaponya ndi dzanja lamanzere, ndipo mutu wake umagwera kumbali akamatulutsa mpira. Kochi wagwadanso pambali pake, ndipo ulendo uno wamuika kapu ya pepala pamwamba pa chipewa kuti aphunzire kuponya osaigwetsa.