Mawu a malemu ndi oweruza asanu

Ndine mlembi wa komiti yosankha wopambana mphoto ku bungwe lina lomwe limayendera chuma chimene munthu mmodzi wolemera anasiya. M'chikalata chake malemuwo analemba kuti ndalamazo zizipita kwa olemba ndi aluso amene akutchinjiriza chikhalidwe cha maiko a Azungu. Mzere umodziwo ndiwo umatipatsa malipiro, ndipo ndiwonso umatikanganitsa chaka chilichonse.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira kusanja mafaelo. A tcheyamani anandituma kuti ndiwalembere za mphoto za anzathu, poti amakonda kudziyerekeza. Amasirira ya Templeton, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, mwini wake atafuna kuti ndalama zake ziziposa za Nobel. Woyamba kuilandira mu 1973 anali Mother Teresa. Amatchulanso ya Bradley ya ku Milwaukee, mzinda wa ku America, yomwe inayamba mu 2004 ndi madola 250,000 kwa wopambana aliyense. Yathu ndi kamwana poyerekeza ndi izi, koma musawauze.

Moto unabuka Lachitatu. Oweruza awiri ankafuna katswiri wa mbiri yakale amene moyo wake wonse walemba za Agiriki ndi Aroma. Amayi ena, omwe anakhalapo mphunzitsi wa pa yunivesite, anaimika dzina la wolemba nthano amene mabuku ake amadzudzula atsamunda popanda kupsatira. Iwo anati ufulu wodzudzula akuluakulu ako ndiwo chinthu chenicheni chomwe Azungu amadzitama nacho, ndipo anakumbutsa kuti mphoto ya Erasmus ya ku Netherlands inapita kwa Trevor Noah mu 2023, katswiri wa nthabwala woseka mafumu ndi mapulezidenti. Mdzukulu wa malemu, yemwe amakhala pamisonkhano popanda voti, anagogoda tebulo ndi cholembera n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi agogo akanasainira zimenezi?" M'chipindamo munangoti zii. Ine ndinali nditagwira peni, ndikusinkha kuti m'maminitsi ndilemba bwanji. Ndinalemba kuti "komiti inakambirana mozama."

Lachinayi kunabwera loya wa bungwe, n'kuwerenga mzere uja mokweza katatu, ngati kuti ulendo wachitatu usintha. Anati chikalatacho sichiletsa aliyense mwa awiriwo. Kenaka ananong'oneza a tcheyamani kuti banja la malemu lili ndi mphamvu yosintha oweruza chaka chamawa. Voti inapita kwa katswiri wa mbiri uja, atatu kwa awiri. Amayi aja anatseka kope lawo mwaulemu, sanamwe n'tiyi womwe.

Lachisanu inali ntchito yanga kuimbira wopambanayo. Anayamikira, anafunsa tsiku la mwambo, kenaka anafunsa ngati angaloledwe kutchula wolemba nthano uja m'mawu ake othokoza, chifukwa amamuwerenga kwambiri. Sanadziwe kuti anali pampikisano umodzi. Ndinayankha kuti ndikafunsa kaye kwa a tcheyamani, ndipo kalata yofunsirayo ikadali m'kompyuta, sindinaitumize.