Getsi la pakhonde limene limamva kutentha kwa thupi

Chaka chatha ndinagula getsi la sola lokhala ndi sensa n’kulikhomera pakhoma la khonde la nyumba yathu ku Area 25, chifukwa ndinatopa ndi kufunafuna makiyi mumdima ndikafika usiku. Wogulitsa anandiuza kuti getsilo limaona munthu, ndipo ndinakhulupirira mawu akewo kufikira usiku wina wa mwezi wa Juni, pamene ndinakhala phee pampando ndikudikira mwana wanga kuti abwere kuchokera ku kwaya. Getsi linazima ine ndili pomwepo, ndipo linayakanso nditangotambasula mkono. Apa m’pamene ndinazindikira kuti chipangizochi sichiona munthu. Chimangomva kutentha kukamasuntha.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kumene maso athu sakuona, kotchedwa infrared. Anakutulukira ndi wasayansi wina dzina lake William Herschel ku England mu 1800, pamene anagawa kuwala kwa dzuwa m’mitundu yake pogwiritsa ntchito galasi la mbali zitatu, n’kupeza kuti choyezera kutentha chinakwera kwambiri atachiika kupitirira pang’ono mtundu wofiira, pamalo pooneka ngati palibe kuwala kulikonse. Mkati mwa thupi la munthu mumatentha pafupifupi madigiri 37, khungu limakhala cha m’ma 33, ndipo munthu wamkulu ngakhale atangokhala amatulutsa kutentha kokwana mawati pafupifupi 100. Choncho aliyense wa ife ali ngati kambaula koyenda, usana ndi usiku womwe.

Sensa ya m’magetsi a pakhonde imatchedwa PIR, ndipo siitulutsa kanthu, imangolandira. Kuseri kwa kachivundikiro koyera kaja kuli timbali tiwiri tomva kutentha. Tonse tiwiri tikamamva zofanana, getsi limakhala chete, koma chinthu chofunda chikadutsa n’kukhudza kambali kamodzi kenako kena, kusiyanako ndi kumene kumaliyatsa. Kachivundikiroko kali ndi timagalasi tambiri tapulasitiki togawa bwalo m’mizere, ndipo n’chifukwa chake getsi limafulumira kuyaka munthu akamadutsa chopingasa kusiyana ndi pamene akulunjika kumene lili. Silisiyanitsa mbala ndi mphaka kapena galu wa pakhomo, ndipo ndimamva chisoni ndikamva kuti ena amagona mwamantha poganiza kuti getsi loyaka lokha pakati pa usiku ndi chizindikiro cha ufiti.

Nyengo ya kuno ku Lilongwe nayo ili ndi mbali yake. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira kwambiri, thupi limasiyana kutali ndi khoma ndi dothi, ndipo getsi langa limayaka munthu akadali kugeti. Mu Okutobala, mpanda wa njerwa umene watentha tsiku lonse umasunga kutenthako mpaka madzulo, kotero kuti munthu wodutsa patsogolo pake sasiyana nawo kwenikweni, ndipo getsi limachedwa kuyaka. Amene amaganiza kuti lawo lawonongeka m’nyengo yotentha ayambe alingalira zimenezi asanalitaye.

Ambiri tikukumbukira toyezera kutentha timene ankatiloza nato pamphumi pakhomo la banki ndi masitolo mu 2020, nthawi ya Covid-19. Anthu ena ankapereka mkono poopa kuti tiwaononga ubongo, chonsecho natonso timangolandira kutentha kochokera pakhungu.

Makamera a CCTV amene akuchuluka m’mipanda ya ku Area 47 ndi Area 43 amagwira ntchito mwa njira ina. Iwo amadziunikira okha ndi timababu ta infrared, timene usiku timaoneka ngati timakala tofiirira kuzungulira diso la kamera, ndipo amajambula chithunzi chopanda mitundu pamalo pamene inu mukuona mdima wokhawokha. Mutha kudzionera nokha kuwala kwa mtundu umenewu polozetsa rimoti ya TV ku kamera ya foni n’kudina batani, pakuti mafoni ambiri amaonetsa kuphethira kumene diso silikuona. Palinso masensa otumiza mafunde a wailesi n’kumvetsera mmene akubwerera, ndipo amenewa amatha kumva munthu kuseri kwa thabwa, galasi kapena khoma lopyapyala, koma malata ndi zitsulo zimawatchinga.

Nkhani ya kutchinga ndi imene yandikhudza kwambiri, chifukwa m’madera athu mapuloti ndi oyandikana ndipo chitetezo cha wina chimalowa mosavuta m’bwalo la mnzake. Chodabwitsa n’chakuti galasi wamba la pazenera, limene maso amaona kudutsa, limatchinga kutentha kwa thupi, kotero kuti sensa ya PIR kapena kamera yojambula kutentha singamve munthu amene ali m’nyumba zenera lili lotseka. Khoma la njerwa nalonso limabisa kutentha kwa munthu kotheratu, ndipo zimene timaona m’mafilimu zoti kamera ya kutentha ikuonetsa anthu kuseri kwa chipupa si zoona. Koma pepala lopyapyala la pulasitiki, ngakhale lakuda, limalola kutenthako kudutsa. Kamera ya CCTV imaona kudutsa pagalasi, makamaka m’chipinda mukayaka magetsi, ndipo mankhwala ake ndi katani yochindikala. Bulangeti limabisa thupi kwa kanthawi chabe, chifukwa likafunda nalo limayamba kuoneka.

Patapita milungu ingapo, mayi oyandikana nafe anandiimitsa pageti. “Bambo, pepani, getsi lanu lija likutisowetsa tulo,” anatero mwaulemu. “Tikangotuluka kupita kumpopi usiku limayaka, ndiye timakhala ngati pali wina akutilonda.” Mawuwo anandilasa mtima, pakuti sindinaganizepo kuti chinthu chogulira mtendere wa pakhomo panga chingamchotsere mnzanga ufulu pabwalo pake. Ndikukhulupirira kuti aliyense woika sensa kapena kamera ali ndi udindo woonetsetsa kuti ikuthera m’malire a puloti yake, ndipo ngati ikupitirira, mwini bwalolo ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

“Mayi, mwachita bwino kundiuza, ndikonza lero lomwe,” ndinawayankha. Madzulo ake ndinakwera pamakwerero, ndinaweramitsa getsilo kuti liyang’ane pansi, ndipo ndinamata tepi yakuda ya magetsi pa mbali ya kachivundikiro imene inaloza kwawo. Kutada ndinawapempha kuti ayende kangapo kupita kumpopi ine nditaima m’nyumba kuseri kwa zenera. Getsi silinayake, koma mwana wanga atatsegula geti lathu linayaka nthawi yomweyo.