Fulati kapena nyumba ya mumpanda: mmene tinasankhira ku Lilongwe tili ndi kamwana

Anzanga amene mukusaka nyumba ku Lilongwe muli ndi mwana wamng'ono, ndikufotokozereni mmene ife tinayendera, mwina wina zimuthandiza. Tinkakhala ku Kawale, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndiye mwana atangoyamba kuyenda malo anachepa zedi. Bambo ake mtima unali pa fulati ya kufupi ndi tauni poti amagwira ntchito ku Old Town, ine ndimafuna nyumba yoti ukatsegula chitseko waponda dothi.

Tisanapite kukaona nyumba ina iliyonse tinayamba tawerengera ndalama, osati lendi yokha ayi. Malandilodi ambiri amafuna miyezi itatu pakamodzi, ena amaonjezera dipoziti, ejenti naye amafuna yake yokuonetsani nyumba komanso ina mukaitenga, ndiye palinso lole yonyamula katundu. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu zonsezi zinakwera, moti ukapanda kulemba papepala umangodzidzimuka zatha. Tinaikaponso thiransipoti, chifukwa nyumba yotchipa ku Likuni kapena ku Area 25 ndalama imene wapulumutsa pa lendi ina imakathera pa minibasi ndi kabaza. Za Malawi Housing Corporation tinaganizako poti lendi yake imakhala yofewerapo, koma ozifuna ndi ambiri kuposa nyumbazo, ife sitikanatha kudikira.

Fulati imene tinakaona inali yabwino ndithu, sindinama. Matailosi pansi, geti ndi mlonda usiku ndi usana, mita ya magetsi yakeyake, bambo ake kuntchito akanamangopita wapansi. Inali pamwamba, masitepe awiri okhotakhota. Pamene ejenti amawaonetsa bambo ake zipinda ine ndinatsika kukacheza ndi mayi wina amene amayanika zovala kuseri, ndipo apa mpamene ndinamva zenizeni. Anati madzi akachepa mphamvu a pansi amatunga koma kumwambako mpopi umangolira, ndiye umakwera masitepe ndi chigubu cha malita 20, mwana ali kumbuyo. Mbaula pakhonde saloleza chifukwa utsi umadetsa khoma komanso umalowa kwa aneba, ndiye magetsi akazima ngati ulibe gasi phala la mwana uphikira pati? Chingwe choyanikapo ndi chimodzi mabanja onse, amene muli ndi mwana wa matewera mukudziwa nokha kuti chingwe chimadzadza tsiku lililonse.

Nditakweranso ndinapita pakhonde kukayeza zitsulo zotchingira zija ndi dzanja. Chikhatho changa chonse chinalowa chotambasula, kutanthauza kuti mutu wa mwana wanga ukhoza kulowa bwinobwino. Ndinawaitana bambo ake kuti aone okha, sanayankhe kanthu koma nkhope inasintha. Kenako ndinawakumbutsa kuti amayi awo amabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi adokotala ku Kamuzu Central, mawondo awo aja masitepe amenewa sangawathe, ndipo sabwera chimanjamanja, amabwera ndi thumba la chimanga, nthawi zina ndi nkhuku yamoyo.

Koma musaganize kuti nyumba ya pansi ndiye basi mwapulumuka. Kumeneko mafunso ndi ambiri kuposa. Loyamba ndi mita. Ngati mayunitsi a ESCOM kapena madzi a Lilongwe Water Board mukugawana ndi mabanja ena mumpanda, dziwani kuti mudzayambana, wina ali ndi kuka ndi ayironi wina babu limodzi koma mukusonkha mofanana. Nyumba ina yokongola tinaisiya chifukwa cha chimenechi basi.

Chachiwiri ndi mvula. Ife mwayi wake timasaka nthawi ya dzinja, ndiye ndimauza ejenti kuti tipite kutangogwa mvula. Ndimayang'ana siling'i ngati ili ndi mawanga, m'munsi mwa khoma ngati penti yafufuma, ndi komwe madzi a pabwalo amalowera. Amene munalipo mu 2017 mukukumbuka mtsinje wa Lingadzi utasefukira mmene anthu a ku Mtandire anavutikira, ndiye nyumba ya kufupi ndi mtsinje kapena m'dambo ine ayi ngakhale itatchipa bwanji. Ndimazunguliranso kuseri kuona dzenje la zonyansa ngati chivundikiro chake chili cholimba, chitsime ngati chilipo nchotseka, ndi agalu a alandilodi ngati amamangidwa masana. Mwana woyamba kumene kuyenda amafika paliponse pamene iwe sunaganizire. Bambo ake anabwereranso madzulo okhaokha kukamva ngati pali bala yaphokoso pafupi.

Tinamaliza tatenga ya zipinda ziwiri ku Area 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi, mumpanda mwa nyumba zitatu, mita iliyonse payokha. Chipatala cha Area 25 sichili kutali ndiye kusikelo ndimapita wapansi. Kuseri kuli kamalo kamene ndadzala mpiru ndi chinayizi, mbaula ndimayatsa panja popanda wondifunsa.

Pa nkhani yolipira ndikupempheni chonde, musapereke miyezi itatu kwa ejenti musanaonane maso ndi maso ndi mwini nyumba. Ife tinakumana nawo alandilodi, tinalemba mgwirizano wonena za lendi, notisi ya mwezi ndi amene azikonza zikaonongeka, tonse tinasaina, tinatenga lisiti, ndipo ndinajambula pafoni galasi losweka la ku bafa ndi loko wa kukhitchini kuti potuluka asadzatidule pa dipoziti.

Chimene tinataya chilipo. Bambo ake amadzuka kusanache kuti apeze minibasi mzere wa magalimoto usanayambe pa M1, amafika kunyumba mwana nthawi zina atagona, ndipo zimenezi zimandiwawa. Mlonda timachita kusonkherana ndi aneba. Nonse mukamagwira ntchito m'tauni, muli ndi gasi ndipo mwapeza fulati ya pansi penipeni, itengeni, ine sindingakuletseni. Ife pano tikukambirana ndi alandilodi kuti atilole kuika thanki ya madzi kuseri, ndalama yake azidula pa lendi pang'onopang'ono.