Manambala atatu a kuseri kwa khadi

Anzanga amene mumaona za malipiro m'masitolo a pa intaneti muno mu Harare mukudziwa momwe kumathero kwa mwezi kumakhalira. Abale a ku Johannesburg ndi ku England akangolandira, aliyense amafuna ufa, mafuta ophikira ndi shuga zifike kwa amayi ake ku Mufakose kapena ku Chitungwiza tsiku lomwelo. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwezo: magetsi kuthima, jenereta kulira, kuwerengera za ZiG, ndalama ya muno mu Zimbabwe, ndi za madola mpaka mdima.

Chandipweteka mtima ndi cha Lachitatu. Mayi wina wa ku England anagula chakudya cha pamaliro a malume ake ku Dzivarasekwa. Nyama itayezedwa inaposa imene analipira, ndiye panafunika ndalama yowonjezera. Mtsikana wathu watsopano, wa makolo a ku Malawi ngati ine, anabwera ndi foni ya kuntchito.

"Achimwene, amayi aja atumiza. Ndilembe mufayilo ija?"

Chinali chithunzi cha khadi pa WhatsApp, kutsogolo ndi kuseri, CVV, manambala atatu achitetezo a kuseri aja, ikuoneka bwinobwino, chala cha mayiyo chitagwira m'mphepete. Pansi analemba m'Chichewa kuti tichotse ndalama yomwe ikufunika, sakudandaula poti ndife akwawo. Ndinafunsa kuti fayilo yake iti. Anatsegula Excel pa kompyuta yomwe ngakhale madalaivala amagwiritsa ntchito. Munali maina, manambala a makadi, masiku othera ndi ma CVV, mzere ndi mzere. Anamuuza ndi abwana, akuti kuti tisamavutitse makasitomala kawiri.

Thupi lonse linazizira. Tonse a ntchito imeneyi tikudziwa PCI DSS, malamulo oteteza makadi olipirira, a bungwe lomwe Visa, Mastercard, American Express, Discover ndi JCB anakhazikitsa mu 2006. Amanena mosabisa kuti malipiro akangovomerezedwa, nambala yachitetezo ija siyenera kusungidwa paliponse, ngakhale yobisidwa ndi encryption, ngakhale mwini khadi atavomera ndi pakamwa pake. Ntchito yake ndi yosonyeza kuti wogulayo khadi ali nalo m'manja. Ukaisunga pamodzi ndi nambala ya khadi, wakuba akapeza fayiloyo wapeza zonse, ndipo agula mpaka akaunti iume. Muno mu Zimbabwe tilinso ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe POTRAZ, bungwe la boma loona za matelefoni ndi positi, imayang'anira.

Chokwiyitsa n'choti njira yoyenera ilipo. Pa malipiro oyamba gateway, kampani yomwe imatilandirira malipiro a makadi, imapereka token, nambala yoimira khadilo, kasitomala n'kuvomera kuti pakakhala chowonjezera tidzachotse, ndipo kachiwiriko CVV sifunikanso. Ndakhala ndikupempha kwa miyezi kuti abwana alembe katswiri atilumikizire zimenezi. Yankho lake n'lakuti ndalama kulibe. Koma yopentera magalimoto inapezeka!

Ndinaimbira mayi uja. Ndinayamba ndi kupepesa maliro, kenako ndinawapempha afufute chithunzicho kwawo, ife tafufuta kwathu, komanso auze banki yawo iwapatse khadi lina. Ndinawatumizira link yolipirira kuti alembe okha manambala, banki yawo iwatsimikize kudzera mu 3-D Secure, njira yotsimikizira kuti wolipirayo ndi mwini khadi. Anali pa shifiti ya usiku, analipira m'mawa mwake. Chakudya ndinalola chinyamuke asanalipire, chifukwa anamfedwa sangadikire link.

Lachinayi tinakangana ndi abwana chitseko chili chotseka. Iwo akuti ma link amachedwetsa ndalama, ena salipira n'komwe. N'zoona, ena amachedwa. Ndinawafunsa kuti tsiku limene fayiloyo idzatuluke pa flash, ma chargeback, ndalama zomwe banki imatilanda n'kubwezera eni makadi akadandaula, akadzayamba kugwa, banki n'kutitsekera kulandira makadi, adzaloza ndani? Tikudziwa tonse kuti adzaloza mtsikana uja, amene anangomvera zomwe anauzidwa sabata yake yoyamba. Fayilo tinaifufuta limodzi, ndipo ndinafufuzanso m'ma email ndi mu backup ya foni, momwe ndinapezamo zithunzi zina za makadi.

Lachisanu maoda anayenda, madandaulo anali a mazira osweka basi. Madzulo ndinakhala pansi ndi anzanga onse olandira mafoni, n'kuwauza kuti kasitomala akayamba kutchula manambala a kuseri, azimudula mawu mwaulemu n'kumutumizira link.

Nkhani yatsala ndi ya anthu amene maina awo anali mufayilo muja. Ine ndikuti aliyense auzidwe kuti asinthe khadi. Abwana akukana, akuti tiwononga mbiri ya sitolo. Lolemba ndikaikambanso pamsonkhano, ndipo ulendo uno ndikaipereka yolemba, ndi siginecha yanga.