Kompyuta yofinyira mavidiyo: pamene ndafika posankha zida

Mwezi uno ntchito yanga yosunga mavidiyo a kwaya yathu ndi a maukwati a pabanja inaima pa funso limodzi, loti kompyuta yatsopano ikhale ndi zida zotani kuti kufinya mavidiyo kusamatenge usiku wonse. Mafayilo ochokera mu kamera amakhala aakulu kwambiri, moti sindingawatumize kwa abale pa WhatsApp kapena kuwasunga onse ndisanawachepetse ndi HandBrake, pulogalamu yaulere imene ndakhala ndikugwiritsa ntchito kuyambira pachiyambi.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kuzindikira kuti ntchitoyi imagwiridwa m'malo awiri osiyana mkati mwa kompyuta. Malo oyamba ndi purosesa yeniyeniyo, imene imayendetsa mapulogalamu ofinyira monga x264 ndi x265 (amene amatulutsa mavidiyo a mitundu ya H.264 ndi H.265), ndipo pamenepa liwiro limadalira kuchuluka kwa ma core (tizigawo towerengera ta mkati mwa purosesa) ndi mphamvu zake. Malo achiwiri ndi kachigawo kakang'ono kopangidwira ntchito yokhayi, kamene Intel inayamba kuika m'mapurosesa ake mu 2011 pa dzina loti Quick Sync, ndipo Nvidia inatsatira mu 2012 ndi NVENC ya m'makhadi ake a zithunzi. Kachigawoka kamamaliza msanga ndipo sikadya magetsi ambiri, koma kuti vidiyo ioneke bwino mofanana ndi ya x265 yofinyidwa mosathamanga, fayilo yake kawirikawiri imatuluka yokulirapo.

Apa ndi pamene ambiri amawononga ndalama. Munthu amaganiza kuti khadi lodula kwambiri ndilo lifinye bwino kwambiri, pamene kachigawo kofinyirako n'kapadera, sikadalira mphamvu imene khadilo limagwiritsa ntchito pa masewera. Makhadi a mbadwo umodzi nthawi zambiri amatulutsa vidiyo yooneka chimodzimodzi, lotchipa ndi lodula lomwe, kupatula kuti ena apamwamba, monga RTX 4070 Ti, ali ndi tizigawo tiwiri m'malo mwa kamodzi. Choyenera kuyang'anitsitsa ndi mbadwo wa kachigawoko. Chitsanzo chodziwika ndi GTX 1650 yoyamba ya 2019, imene inatuluka ndi NVENC yakale, pamene GTX 1650 Super ndi GTX 1660 zinalandira ya mbadwo watsopano wotchedwa Turing, imene imafinya H.265 mwaluso kuposa yakale ija. Aliyense wogula khadi logwiritsidwa kale ntchito ayenera kufunsa za kusiyana kumeneku asanapereke ndalama.

Ine ndasankha Intel Core i5-12400, imene ili ndi ma core 6 ndi Quick Sync yotha kufinya H.264 ndi H.265. Ndinasamala kwambiri kuti ndisatenge 12400F, ngakhale kuti ndi yotchipirapo, chifukwa chilembo F chimatanthauza kuti purosesayo ilibe gawo la zithunzi, ndipo popanda gawolo Quick Sync palibenso. Chifukwa china chimene chinandikokera kumeneku ndi magetsi. Purosesayi inalembedwa mawati 65, ndipo magetsi akathima kwathu kuno, inveta ndi batire zimatha kuinyamula mpaka vidiyo yaifupi itatha, zimene sizikanatheka ndi khadi lalikulu la masewera.

Za RAM ndi zosungiramo sindinachedwepo. Ndaika RAM (pamene kompyuta imasunga mongoyembekezera zimene ikugwira) ya 16 GB m'timitengo tiwiri kuti tizigwira ntchito limodzi, SSD (disiki yothamanga) ya 1 TB yogwirirapo ntchito, ndi hadi disiki yaikulu yosungiramo zomalizidwa. Pofinya vidiyo, disiki si imene imachedwetsa ntchito, choncho SSD yothamanga koposa ikanangokhala ndalama zotayika.

Nditayesa njira zonse ziwiri pa vidiyo imodzi ya kwaya, ndaona kuti palibe chifukwa chosankhira imodzi n'kutaya inayo. Makope otumiza kwa abale ndikuwafinya ndi Quick Sync mu H.264, chifukwa mtunduwu ndi wa 2003 ndipo pafupifupi foni iliyonse imautsegula, komanso pa sikirini yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka. Makope osunga ndikuwasiyira x265, kompyuta n'kumagwira ntchito pamene ine ndikuchita zina. Kusiyanako ndinakuona bwino pa zithunzi za m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira, pamene kachigawo kothamangako kanafafaniza maluwa a pa zitenje za amayi ndi kusiya timabokosi m'malo amdima, koma x265 inawasunga ooneka. Popeza mavidiyowa ndi amene ana athu adzaonerepo nkhope za agogo awo, kudikira maola owerengeka sindikukuona ngati vuto.

Chimene chatsala ndi AV1, mtundu wa 2018 umene umachepetsa fayilo kuposa H.264, zimene zingathandize abale kusunga bandulo. Purosesa yangayi imatha kuonetsa AV1 koma ilibe kachigawo koifinyira. Khadi la Intel Arc A380 la 2022 lili nako, ndipo limadya pafupifupi mawati 75 okha, choncho ndilo ndikuliganizira. Ndisanagule, ndiyamba ndafinya kavidiyo kakafupi ndi SVT-AV1, pulogalamu yofinyira AV1 pa purosesa, n'kukatumiza kwa abale angapo, chifukwa ngati mafoni awo akale akulephera kukatsegula, khadilo lidikira chaka chamawa.